Kodi Yesu analikodi? Zimene mbiri imayankha ndi zimene imasiyira chikhulupiriro

Pasaka kapena Khirisimasi ikamayandikira, pamagulu a WhatsApp sipachedwa kugwa kavidiyo konena kuti Yesu sanakhaleko n'komwe, kuti anachita kupekedwa ndi Aroma pamsonkhano wa ku Nicaea m'chaka cha 325, ndipo nkhani yake inabedwa kwa Horus, mulungu wa Aigupto akale. Wina amayankha ndi vesi, wina ndi mwano, wina n'kungotuluka pagulu. Mkangano umatha palibe wamva mnzake.

Chimene chimasokoneza n'chakuti anthuwa amayesa akulimbirana funso limodzi, pamene mumtolomo muli mafunso atatu. Loyamba, kodi ku Galileya kunali munthu dzina lake Yesu amene Aroma anamupachika ku Yerusalemu? Lachiwiri, ngati analiko, ananena chiyani ndipo anachita chiyani? Lachitatu, kodi iyeyu ndani: Mwana wa Mulungu, mneneri, kapena mphunzitsi chabe? Funso loyamba akatswiri a mbiri yakale amaliyankha pafupifupi ndi mawu amodzi. Pa lachiwiri amakangana mpaka lero. Lachitatu ambiri a iwo amati si la ntchito yawo. Tiyeni timasule mtolowu pang'onopang'ono, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Umboni n'chiyani kwa wofufuza mbiri?

Taganizani za mlandu wa malire a munda pabwalo la amfumu. Amene anaika malirewo anamwalira kalekale ndipo pepala palibe. Amfumu sagamula kuti poti pepala palibe ndiye kuti mundawo kunalibe. Amaitana mboni n'kumaziyeza: uyu akunena zimene anaona kapena zakumva? Awiriwa akugwirizana chifukwa onse akudziwa, kapena anagona nyumba imodzi n'kupangana? Ndipo mboni ikanena chinthu choipweteka yokha, amfumu amatchera khutu kwambiri, chifukwa munthu sadzinamizira mlandu.

Wofufuza mbiri yakale amagwira ntchito motero. Safika ponena kuti "ndatsimikiza kotheratu" ngati wowerengera masamu. Amanena kuti pa zonse zimene zingafotokoze umboni umene ulipo, chomveka koposa ndi ichi.

Tiyeneranso kudziwa kuchuluka kwa umboni umene tingayembekezere. Anthu amafunsa kuti, ngati Yesu analiko, zikalata za boma la Roma za mlandu wake zili kuti? Yankho ndi lakuti nkhokwe za zikalata za boma la Roma ku Yudeya sizinapulumuke, za mlandu wa aliyense. Pontiyo Pilato analamulira Yudeya zaka khumi, kuyambira 26 mpaka 36, koma palibe kalata ngakhale imodzi yolembedwa ndi iye imene ilipo. Timamudziwa kudzera mwa olemba ochepa, tindalama timene tinasulidwa m'nthawi yake, ndi mwala umodzi. Ngati zili choncho ndi bwanamkubwa, nanga mwana wa mmisiri wa kamudzi ngati Nazarete? Atsogoleri ena achiyuda a zaka zimenezo, monga Teuda ndi Yudasi wa ku Galileya, amene anasonkhanitsa anthu n'kuvutitsa boma, timawadziwa ndi mizere yowerengeka chabe. Otsutsa amakonda kutchula kuti Philo wa ku Alexandria, Myuda wophunzira amene anali moyo nthawi yomweyo ndipo analemba za Pilato, sanatchule Yesu. Zimenezo n'zoona. Sanatchulenso Yohane Mbatizi.

Mboni yoyambirira ndi Paulo, osati Mateyu

Popeza Chipangano Chatsopano chimayamba ndi Mateyu, ambiri timaganiza kuti ndiye anayamba kulemba. Zolemba zakale koposa zachikhristu ndi makalata a Paulo, olembedwa cha m'ma 50, zaka 20 kapena 30 chabe Yesu ataphedwa. Pa makalata 13 okhala ndi dzina lake, asanu ndi awiri akatswiri pafupifupi onse, okhulupirira ndi osakhulupirira, amavomereza kuti ndi akedi: Aroma, 1 ndi 2 Akorinto, Agalatiya, Afilipi, 1 Atesalonika ndi Filemoni.

Paulo sanayende ndi Yesu. Koma pa Agalatiya 1:18-19 akunena kuti patapita zaka zitatu atatembenuka anakwera ku Yerusalemu, nakhala ndi Kefa, amene ndi Petro, masiku 15, ndipo anaonanso Yakobo "mbale wa Ambuye". Kwa ofufuza mbiri, mawu awiriwa ndi olemera kuposa machaputala ambiri, chifukwa Paulo akuwanena mongodutsa, ali pakati pa mkangano wina, wofuna kusonyeza kuti uthenga wake sanaulandire kwa anthu a ku Yerusalemu. Sanali kutsimikizira aliyense kuti Yesu analiko. Munthu wopeka sakhala ndi m'bale wake amene ungakumane naye pakhomo.

Pali kukangana pa liwu loti "mbale". Akatolika amalimva kuti ndi wachibale, osati wobadwa naye bere limodzi, ndipo ife olankhula Chichewa sitivutika kumvetsa zimenezo poti mwana wa bambo aang'ono timamutchanso m'bale. Amene amati Yesu sanakhaleko amati liwuli likutanthauza Mkhristu aliyense. Anzawo amawayankha kuti ngati ndi choncho, bwanji Paulo akulipatsa Yakobo yekha kusiya Petro, amene nayenso anali Mkhristu?

Paulo amanenanso kuti Yesu anabadwa mwa mkazi, anali Myuda wa mbumba ya Davide, anadya mgonero usiku umene anaperekedwa, anapachikidwa n'kuikidwa m'manda. Koma chodabwitsa n'chakuti satchula Nazarete, mafanizo, kapena chozizwitsa chilichonse cha Yesu. Kukhala chete kumeneku ndi chida chachikulu cha otsutsa. Ena amati n'chifukwa chakuti makalatawo anali oyankha mavuto a m'mipingo imene inali itamva kale nkhani ya Yesu pakamwa.

Mauthenga Abwino: mbiri kapena ulaliki?

Akatswiri ambiri amaika Marko cha m'ma 70, Mateyu ndi Luka pakati pa 80 ndi 90, ndipo Yohane cha kumapeto kwa zaka 100 zoyambirirazo. Ena, makamaka a m'mipingo yosunga mwambo, amaika zaka zoyambirira kuposa pamenepa. Mabukuwa analembedwa m'Chigiriki pamene Yesu ankalankhula Chiaramu, ndipo olemba ake sanabise cholinga chawo. Yohane 20:31 akunena poyera kuti zalembedwa kuti owerenga akhulupirire.

Zaka 40 n'zambiri kapena n'zochepa? Yerekezani ndi referendamu ya ku Malawi ya 1993. Amene anavota akali moyo ambiri. Mukawafunsa, wina asokoneza mwezi, wina akuza mbali imene iye anachita, wina afotokoza mokomera chipani chake. Koma simungawapekere mtsogoleri amene sanakhaleko n'kuwauza kuti munali naye limodzi. Chikumbukiro cha anthu chimapotoza zing'onozing'ono, koma sichichedwa kukana bodza lalikulu. Fanizoli lili ndi malire ake, poti Mauthenga Abwino mwina analembedwera kutali ndi Galileya, kumene mboni zinali zochepa.

Apa ndi pamene funso la amfumu lija la "munagona nyumba imodzi" limagwira ntchito. Mateyu ndi Luka anatenga zambiri kwa Marko, mwina liwu ndi liwu, choncho nkhani ikapezeka mwa atatuwa sizitanthauza mboni zitatu. Koma Mateyu ndi Luka alinso ndi mawu a Yesu ofanana amene mwa Marko mulibe, ndipo ambiri amaganiza kuti anawatenga m'buku lina lotayika limene akatswiri analitcha Q. Buku limeneli palibe analionapo, ndipo ena amakana kuti linaliko.

Chimene ofufuza amachigwira kwambiri ndi nkhani zimene zinali zochititsa manyazi kwa Akhristu oyamba. Yesu anabatizidwa ndi Yohane, amene ubatizo wake unali wa kulapa machimo, ndipo mukawerenga Mateyu 3 muona wolembayo akuyesetsa kufotokoza chifukwa chake wamkulu anabatizidwa ndi wamng'ono. Anachokera ku Nazarete, kamudzi kosatchulidwa m'Chipangano Chakale, kamene Natanaeli anakaseka kuti kungachokere chabwino kodi. Ndipo choposa zonse, mtanda. Lero timauvala m'khosi, koma kwa Aroma inali imfa ya akapolo ndi oukira boma, ndipo kwa Ayuda Deuteronomo 21:23 amati wopachikidwa pamtengo ndi wotembereredwa. Mesiya ankayembekezeka kudzathamangitsa adani, osati kuphedwa nawo. Paulo mwini anavomereza kuti uthengawu unali chokhumudwitsa kwa Ayuda ndi chopusa kwa amitundu. Pakhoma lina ku Roma panapezeka chojambula chakale cha munthu wa mutu wa bulu ali pamtanda, ndi mawu onyoza munthu wina dzina lake Alexamenos kuti akupembedza mulungu wake. Wofuna kupeka Mesiya kuti akope anthu sakanasankha mtanda.

Mboni zosakhala Akhristu

Tacitus anali mkulu m'boma la Roma ndiponso wolemba mbiri. Cha m'ma 116, pofotokoza moto umene unawononga Roma mu 64, analemba kuti mfumu Nero inakankhira mlandu kwa Akhristu, ndipo dzina lawo linachokera kwa Christus amene anaphedwa ndi Pontiyo Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo. Tacitus ankanyansidwa ndi Akhristu, ndipo chipembedzo chawo anachitcha zamatsenga zowononga. Mawu oterewa sakanalembedwa ndi Mkhristu wokopera. Funso limene latsala ndi la kumene anazitenga: m'zikalata za boma, kapena pakamwa pa Akhristu omwewo? Ngati n'kwa Akhristu, ndiye kuti akungobwereza zimene iwo ankanena.

Pliny Wamng'ono, bwanamkubwa wa Bithynia m'dziko limene lero ndi Turkey, analembera mfumu Trajan cha m'ma 112 kufunsa chochita ndi Akhristu. Anati amasonkhana mbandakucha n'kuimbira Khristu nyimbo ngati mulungu. Izi zikutiuza za Akhristu, osati kwenikweni za Yesu. Suetonius anatchula kuti mfumu Klaudiyo inathamangitsa Ayuda ku Roma chifukwa cha chipolowe choyambitsidwa ndi "Chrestus", zimene zikugwirizana ndi Machitidwe 18:2, koma sizikudziwika bwino ngati ankanena Khristu.

Mboni yofunika kuifatsira ndi Josephus. Anabadwira ku Yerusalemu m'chaka cha 37, m'banja la ansembe, ndipo pankhondo ya Ayuda ndi Aroma imene inayamba mu 66 anatsogolera asilikali ku Galileya komweko asanagonje n'kupita kukakhala ku Roma. Cha m'ma 93 anamaliza mbiri ya Ayuda ya magawo 20, ndipo Yesu akutchulidwamo kawiri.

Malo oyamba, m'gawo 18, ndi amene avutitsa anthu zaka mazana. Ndimeyo monga ilili lero imati Yesu anali munthu wanzeru, "ngati n'koyenera kumutcha munthu", kuti iyeyo ndiye anali Khristu, ndipo anaonekera wamoyo tsiku lachitatu. Myuda wosakhala Mkhristu sakanalemba zimenezo, ndipo Origen, mphunzitsi wachikhristu wa ku Alexandria wa m'zaka za m'ma 200, ananena yekha kuti Josephus sankakhulupirira kuti Yesu ndi Khristu. Apa zikuonekeratu kuti dzanja la Mkhristu wokopera linalowapo. Kukanganako kuli pa kuchuluka kwake. Ambiri amati Josephus analembadi za Yesu, mphunzitsi amene Pilato anamupachika ndipo otsatira ake sanathe, kenako wina anathira mchere. Ochepa amati ndime yonse ndi yoikidwa, ndipo ena amaloza chala Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo wa m'zaka za m'ma 300, amene ndi woyamba kuigwira mawu. Mu 1971 katswiri wa ku Israel, Shlomo Pines, anaonetsa ndime yomweyi m'Chiarabu, yochokera kwa wolemba wa m'zaka za m'ma 900, ili ndi mawu ofatsa, osalengeza kuti Yesu ndiye Khristu. Ena anaona ngati ndi chithunzi cha mawu enieni a Josephus, ena anati nayonso inadutsa m'manja mwa Akhristu.

Malo achiwiri, m'gawo 20, ndi aafupi ndipo ochepa amawakayikira. Josephus akufotokoza mmene mkulu wa ansembe Ananus anachotsedwera paudindo mu 62 chifukwa chophetsa anthu ndi miyala popanda chilolezo, ndipo mmodzi wa iwo anali Yakobo, "mbale wa Yesu wotchedwa Khristu". Nkhani yake ndi ya Ananus, Yesu wangotchulidwa posiyanitsa Yakobo uyu ndi a Yakobo ena. Ndi Yakobo yemwe uja Paulo anakumana naye, ndipo Paulo ndi Josephus sanagone nyumba imodzi.

Palinso china chosalembedwa. Adani akale a Chikhristu, monga Celsus wa m'zaka za m'ma 170, ananyoza Yesu kuti anali mwana wapathengo wa msilikali ndipo anaphunzira matsenga ku Igupto. Sanati kunalibe.

Zofukulidwa pansi

Palibe chinthu chofukulidwa chimene chimatsimikizira Yesu mwini. Zimene zapezeka zimatsimikizira dziko lake. Mu 1961 ku Caesarea kunapezeka mwala wolembedwa dzina la Pilato ndi udindo wake. Mu 1968 ku Yerusalemu kunapezeka fupa la chidendene cha munthu dzina lake Yehohanan, msomali ukadali momwemo, umboni wakuti wopachikidwa ankatha kuikidwa m'manda a banja. Mu 1990 kunapezeka bokosi la mafupa lolembedwa dzina limene ambiri amaliwerenga kuti Kayafa, dzina la mkulu wa ansembe wa nthawi ya Yesu. Nsalu ya ku Turin, imene ena amati anakulungiramo mtembo wa Yesu, itayezedwa mu 1988 inaonetsa zaka za pakati pa 1260 ndi 1390, ngakhale oikonda amatsutsa mmene anayezera. Bokosi lina lolembedwa "Yakobo mwana wa Yosefe mbale wa Yesu" linatchuka mu 2002, mwiniwake anazengedwa mlandu wachinyengo ndipo mu 2012 khoti silinamupeze wolakwa pa mlanduwo, koma silinagamulenso kuti mawuwo ndi enieni.

Ganizo loti Yesu ndi nthano

Ganizoli si lakale monga ambiri amayesera. Linayamba ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene Volney ndi Dupuis anati nkhani ya Yesu ndi fanizo la dzuwa ndi nyenyezi. Ku Germany Bruno Bauer analikuza m'zaka za m'ma 1800, Arthur Drews mu 1909, ndipo boma la Soviet Union linaliphunzitsa kwa nthawi. Masiku ano wodziwika ndi Richard Carrier, amene amati Akhristu oyamba ankakhulupirira Yesu wakumwamba woonekera m'masomphenya, kenako Marko n'kumutsitsira pansi pano m'nkhani. Mfundo zake amazimanga pa kukhala chete kwa Paulo kuja, ndi pa mmene nkhani zambiri za Mauthenga Abwino zimafanirana ndi za Chipangano Chakale.

Pakati pa ophunzitsa mbiri yakale ndi Chipangano Chatsopano m'mayunivesite, otsatira ganizoli ndi owerengeka. Sikuti onsewo ndi Akhristu. Bart Ehrman wa ku America, amene anasiya chikhulupiriro ndipo amadziwika ndi kutsutsa zambiri za m'Baibulo, analemba buku lathunthu mu 2012 kutsimikiza kuti Yesu analiko. Otsutsa amayankha kuti maphunzirowa anabadwira m'sukulu zaubusa ndipo ali ndi kukondera kosaoneka. Chenjezo limeneli n'loyenera kulimva, koma kuchuluka kapena kuchepa kwa anthu si umboni mbali iliyonse. Umboni ndi Agalatiya 1, Josephus ndi mtanda.

Za m'kavidiyo kaja n'zosavuta. Msonkhano wa ku Nicaea unakambirana za ubale wa Mwana ndi Atate, chifukwa cha chiphunzitso cha Arius wa ku Alexandria, ndipo mbali zonse zinkavomereza kuti Yesu anakhala padziko. Zidutswa za Chipangano Chatsopano zolembedwa pagumbwa, zakale kuposa 325, zilipo. Kachidutswa ka Yohane 18 kosungidwa ku Manchester ambiri amakaika m'zaka za m'ma 100, ndipo masamba a buku la makalata a Paulo la cha m'ma 200 ali ku Dublin ndi ku Michigan. M'zolemba za Aigupto Horus ndi mwana wa Isis ndi Osiris, ndipo sanapachikidwe. Tsiku la 25 Disembala mulibe m'Baibulo, limayamba kuoneka ku Roma m'zaka za m'ma 300, choncho kulitsutsa sikukhudza funso la Yesu. Nanga zoti chilembo cha J kunalibe kale, ndiye dzina lake ndi lopeka? Dzinalo linali Yeshua, Agiriki anati Iesous, ndipo ife oti Yesu tili pafupi nalo kuposa Angerezi.

Yesu wa mbiri ndi Khristu wa chikhulupiriro

Kuvomereza kuti analiko n'kungolowa pachipata. Zimene ambiri amagwirizana n'zochepa: anali Myuda wa ku Galileya, anabatizidwa ndi Yohane, analalikira za Ufumu wa Mulungu, anali ndi ophunzira, ankadziwika ngati wochiritsa ndi wotulutsa ziwanda, anachita chinthu china m'Kachisi chimene chinakwiyitsa akuluakulu, ndipo anapachikidwa nthawi ya Pasaka, mwina mu 30 kapena 33.

Kufufuza kupyola pamenepa kunayamba ndi Hermann Reimarus, amene anaopa kusindikiza maganizo ake ali moyo. Anamwalira mu 1768 ndipo wolemba wa ku Germany, Lessing, ndiye anawatulutsa pambuyo pake. David Friedrich Strauss mu 1835 anati zozizwitsa ndi nthano zachipembedzo, ndipo anataya nazo ntchito. Mu 1906 Albert Schweitzer, yemwe uja anadzakhala dokotala ku Lambaréné ku Gabon, anaunika mabuku onse a moyo wa Yesu a zaka zoposa 100 n'kupeza kuti wolemba aliyense anapanga Yesu wofanana ndi iye mwini. George Tyrrell anafanizira wofufuza wotere ndi munthu wosuzumira m'chitsime chakuya n'kuona nkhope yake. Matendawa sanathe. Gulu lina la ku America lotchedwa Jesus Seminar, loyamba mu 1985, linkavota ndi mikanda ya mitundu inayi pa mawu alionse a Yesu, ndipo linavomereza osakwana gawo limodzi mwa magawo asanu. Yesu amene anatsala anali mphunzitsi wa miyambi wosalankhula za chiweruzo, wofanana kwambiri ndi ovotawo. Akatswiri ena monga Geza Vermes ndi E. P. Sanders anaumirira kuti Yesu amvedwe ngati Myuda wa nthawi yake, ndipo pa mfundo iyi yokha pafupifupi onse lero amagwirizana.

Martin Kähler mu 1892 anasiyanitsa mayina awiri aja, Yesu wa mbiri ndi Khristu wa chikhulupiriro. "Yesu wa mbiri" si Yesu yense monga analili, ndi gawo lokhalo limene zida za wofufuza zingafikire. Zili ngati kudziwa agogo anu kudzera m'chiphaso, chithunzi chimodzi ndi makalata awiri. Zonsezo n'zoona, koma si agogowo.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi imakhudza chikhulupiriro?

M'Chikhulupiriro cha Atumwi chimene mipingo yambiri imanena Lamulungu muli mayina a anthu atatu okha: Yesu, Mariya ndi Pontiyo Pilato. Petro mulibe, Paulo mulibe. Bwanamkubwa wankhanza uja analowamo bwanji? Dzina lake lili ngati deti pakalata. Likunena kuti zimenezi si za "padangokhala", zinachitika pamalo odziwika, mu ulamuliro wa munthu wodziwika.

Mpingo woyamba unalimbana ndi anthu amene sankakana umulungu wa Khristu koma umunthu wake, oti ankangooneka ngati ali ndi thupi. 1 Yohane 4:2 akuwayankha, ndipo Ignatius wa ku Antiokeya, ali paulendo wokaphedwa ku Roma cha m'ma 110, anabwereza liwu loti "moonadi": anabadwa moonadi, anadya ndi kumwa, anapachikidwa moonadi. Paulo pa 1 Akorinto 15 anati ngati Khristu sanauke, kulalikira n'kwachabe ndi chikhulupiriro chomwe. Chikhristu chinadzimangirira chokha ku mbiri, ndipo potero chinavomera kuti wofufuza aloweko ndi mafunso ake.

Koma Akhristu sagwirizana pa kutalika kwa chingwecho. Lessing anati pakati pa zoona za mbiri, zimene nthawi zonse zimakhala za "mwina", ndi choonadi chimene munthu angatsamirepo moyo wake, pali dzenje limene iye analephera kulilumpha. Rudolf Bultmann, amene anali wa mpingo wa Lutheran, sankakayika kuti Yesu analiko, koma anati chikhulupiriro chimadza ndi Mawu olalikidwa, ndipo kuchichirikiza ndi umboni kuli ngati kufuna chipulumutso cha ntchito. Wophunzira wake, Ernst Käsemann, anamutsutsa mu 1953 kuti Khristu wodulidwa kwa Yesu wa ku Nazarete amasanduka chilichonse chimene wolalikira wafuna. Ena monga Wolfhart Pannenberg ndi N. T. Wright anapita patsogolo, nati ngakhale kuuka kwa akufa kungatetezedwe ndi mfundo za mbiri.

Ndipo yankho la funso loyamba silitsogolera onse kumalo amodzi. Myuda angavomereze kuti Yesu analiko ndi kupachikidwa, osamutcha Mesiya. Asilamu amalemekeza Isa mwana wa Mariyamu monga mneneri wamkulu wobadwa kwa namwali, koma Korani pa Sura 4:157 imati sanamuphe ndipo sanamupachike, zinangooneka choncho kwa iwo. Wofufuza mbiri amatsamira zolemba zoyandikira nthawi ya Pilato, Msilamu amatsamira chimene amachikhulupirira kuti ndi chivumbulutso, ndipo apa tabwereranso ku funso lachitatu lija.

Zimene zikadali poyera

Chaka chobadwa sichinakhazikike. Mateyu akuika kubadwako m'masiku a Herode, amene anamwalira mu 4 BC, pamene Luka akutchula kalembera wa Kureniyo, amene malinga ndi Josephus anachitika mu 6 AD. Kawerengedwe kathu ka zaka kanakonzedwa ndi mmonke Dionysius Exiguus mu 525, ndipo zikuoneka kuti anaphonya ndi zaka zingapo. Tsiku la imfa nalonso lili ndi vuto lake, poti Marko akuonetsa mgonero womaliza ngati chakudya cha Pasaka, pamene mwa Yohane Yesu akufa Pasaka asanadyedwe.

Kodi Yesu ankayembekezera kuti dziko litha m'badwo wake usanathe, monga Schweitzer ndi Ehrman amanenera, kapena Ufumu umene ankalalikira unali wa mtundu wina? Kodi iye mwini anadzitcha Mesiya kapena Mwana wa Mulungu, kapena mayinawa anadza pambuyo pa Pasaka? Ngakhale zida zofufuzira zija zikukayikiridwa tsopano. Akatswiri ena amati sitingasefe mawu amodziamodzi ngati ufa kuti tipeze "enieni", chifukwa chilichonse chimene tili nacho chinadutsa kale m'chikumbukiro cha okhulupirira.

Funso lolemera koposa lili pa masiku ochepa a pakati pa mtanda ndi ulaliki woyamba. Magulu a Teuda ndi ena anabalalika atsogoleri awo ataphedwa, koma ili silinabalalike, ndipo mawu a pa 1 Akorinto 15:3-7, amene Paulo akuti anachita kulandira, ambiri amawaika m'zaka zoyambirira zenizeni Yesu ataphedwa. Kuti ophunzira anakhulupirira kuti amuona wamoyo, ochepa amakana. Za manda opanda kanthu akatswiri ndi ogawikana. Sanders analemba kuti iye amaona ngati n'zoona kuti otsatira a Yesu anakumana ndi china chake chimene anachitcha kuuka, koma chimene chinachititsa sakuchidziwa. Ena amati wofufuza mbiri ayenera kulekera pomwepo chifukwa zida zake zimayeza zochitika kawirikawiri, ndipo chozizwitsa sichili m'gulu limenelo. Ena amafunsa ngati kutsekera chozizwitsa kunja mlandu usanayambe si kugamuliratu mboni zisanalankhule.